Galimoto Inagwada

Mzime anali ndi chinsinsi chomwe ankachita nacho manyazi ngakhale popemphera. Mbali ina ya mtima wake inkakondwera kuti bambo ake sangathenso kukwera galimoto.

Musafulumire kumutukwana mwana wa eni, mumve kaye mutu wa nkhani. Bambo akewo anayendetsa mathiraki moyo wawo wonse, koma atangopuma pantchito sitiroko inawagwetsa, mwendo wakumanzere n'kutsala wolemera ngati wobwereka. M'nyumba ankayenda ndithu, ndi ndodo, pang'onopang'ono. Vuto linali galimoto yawo, yakalekale, yaitali msinkhu, yomwe malemu mayi ake a Mzime ankaitchula kuti "mkazi mnzanga" chifukwa cha momwe bambowo ankaikondera. Kuti afike pampando pankafunika amuna awiri owanyamula. Anawanyamulapo kamodzi popita kuchipatala, anthu a mumsewu akuonerera, ndipo atabwerako analumbira.

"Ine si thumba la simenti ayi. Sindidzanyamulidwanso. Ndipo galimoto ya mwamuna wina sindikwera, yanga ilipo."

Tsono asanadwale, bambowo anali atagwirizana ndi mnzawo wakalekale kuti ana awo adzakwatirana. Mwana wa mnzawoyo anali mnyamata wa muofesi yemwe aliyense ankangomuti Tayi, poti ngakhale kokagula machesi ankapita atamanga tayi. Chomwe chinatsala n'choti bambo a Mzime akapereke mawu omaliza kwa makolo a Tayi.

"Nkhani ya mwana wanga sindingaikambe nditakhala pano ngati wodwala," ankatero. "Ndidzapita ndekha kwawo, pa galimoto yanga, ndikatsike ndekha."

Ndiye mwaona? Malinga ngati bambo sakukwera galimoto, Mzime anali mfulu. Mtima wake unali kale kwina, kwa makaniko wa pagalaja ya kuseri kwa msika, yemwe azakhali ake a Mzime anamupatsa dzina loti Girizi. Anamupatsa monyoza, koma dzinalo linamukhala, mwiniwake n'kumavomera akuseka. Bambo a Mzime ankamukhulupirira Girizi pa galimoto pokha. Za mwana wawo, atangomva mphekesera, anati asadzazimvenso.

*

Mlungu uliwonse Mzime ankaizungulitsa galimotoyo kuti batire lisafe, ndipo sizikudziwika kuti zinkatheka bwanji, koma ulendo wake unkathera pagalaja basi. Tsiku lina anamupeza Girizi atagwira kandodo kokhala ndi mizere iwiri ya choko.

"Tabwera uone," anatero Girizi, moni osapereka n'komwe. Anatsegula chitseko chakutsogolo, n'kuimika kandodoko pansi, pafupi ndi mpando. "Mzere wapamwambawu ndi mpando wa galimoto. Wapansiwu ndi mpando uja wa pakhonde panu."

"Iwe, unakauyeza liti mpando wa adadi?"

"Tsiku lija ndinabwera kudzaona mabuleki. Ndinawaona akukhalapo okha, n'kudzukapo okha, popanda wowagwira. Atalowa m'nyumba ndinayeza. Taona kusiyana kwake." Anaika dzanja pakati pa mizereyo. "Zala zinayi basi, Mzime. Bambo ako atsekeredwa m'nyumba ndi zala zinayi."

"Ndiye?"

"Ndiye galimoto itsike. Thupi lonseli limakhala pa masipuling'i anayi, zitsulo zopotanapotana zija zili kuseri kwa matayala. Ndikadulako pang'ono kumapeto kwa iliyonse, galimoto itsika. Anyamata amatero pofuna kuti yawo izioneka yaukali mumsewu. Ife titero kuti bambo akwere."

Mzime anamuyang'ana dwii, ngati munthu yemwe akumuona koyamba.

"Ukudziwa komwe apite akangokwera?"

"Ndikudziwa."

"Nanga mutu wako ukugwira? Ukufuna undilambulire msewu wopita kwa Tayi ndi manja akowo?"

Girizi anapukuta manja pa ovolosi, ngakhale sanali akuda kwenikweni. "Ndimakufuna, iwenso ukudziwa. Ndikamva hutala ya galimotoyi sipanala imandigwa m'manja. Koma ndi ukwati wanji wodikira kuti mwendo wa munthu usachire? Tsiku lina udzandiyang'ana n'kukumbukira kuti tonse awiri tinkadziwa za zala zinayizi, ife n'kukhala chete."

"Wakutuma ndani kuti ukhale woyera mtima? Ingokhala makaniko basi!"

Analowa m'galimoto n'kumenyetsa chitseko. Anali atakwiya zedi, makamaka chifukwa munthuyo ankanena zoona.

*

Madzulo a tsiku lomwelo Tayi anafika kunyumba, nsapato zili waliwali. Azakhali, mlongo wawo wa bambo a Mzime yemwe anabwera kudzadwazika matenda koma n'kulanda ulamuliro wa nyumba yonse, anamulandira ndi manja awiri, n'kumutulutsira makapu a alendo.

"Bambo, galimoto yanga ili panjayo ndi yaifupi," anatero Tayi mwaulemu. "Mungokhala ngati mwakhala pasofa. Makolo akukudikirani."

"Ndinanena kale, mnyamata."

"Chabwino, bambo. Koma mukadzabwera mudzaona geti latsopano. Tamangapo chitunda cha simenti chotchinga madzi a mvula, chachitali ndithu. Yangayi imakhula mimba, moti ndimangoisiya panja. Koma yanuyi, ndi msinkhu wakewo, idzangolowa ngati ikulowa kwawo."

"Mwamva, achimwene?" anatero azakhali, akuyang'ana Mzime cham'mbali. "Anthu omanga mageti amenewo. Osati ena aja ogona pansi pa magalimoto a eni."

Pomuperekeza, Tayi anaima pafupi ndi galimoto ya bambo n'kuigogoda ndi chala.

"Ndamva kuti ikudwaladwala masiku ano. Mlungu uliwonse kugalaja?"

"Ndi yokalamba."

"Ndipo woperekeza wodwalayo amachita kudzola zonunkhira? Tandiuza, Mzime, amakupatsa chiyani munthu wa zikhadabo zakuda uja?"

"Amamvetsera. Ngakhale injini amaimvetsera."

Tayi anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'mano. "Azimvetsera choncho. Bambo ako sabweza mawu, ndipo ine kudikira ndimatha."

*

M'mawa mwake Mzime anali kuseri akuyanika zovala pamene anamva chitseko cha galimoto chikutseguka. Anasuzumira kuseri kwa nsalu yapabedi yomwe anali atangoiyanika.

Anali bambo ake, okhaokha, poganiza kuti aliyense ali m'nyumba. Anatsamiritsa ndodo pa tayala, n'kugwira chitseko ndi dzanja limodzi, lina pampando. Anadzikoka, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo, koma chiuno chinaperewera pang'ono kwambiri, iwo n'kutsetsereka. Anapumira m'mwamba, n'kuyesanso. Zinakanikanso. Pomaliza anangoima, n'kumasisita mpando womwe malemu akazi awo ankakhalapo. Kenaka anatseka chitseko mwakachetechete kuti wina asamve, n'kubwerera kukhonde akukoka mwendo.

Abale inu, Mzime analuma nsalu yonyowayo kuti kulira kwake kusamveke. Manyazi anamugwira mpaka m'mafupa. Anatulutsa foni n'kumulembera Girizi liwu limodzi.

"Dula."

Yankho silinachedwe. "Watsimikiza? Chitsulo ukadula sichiphukanso."

"Ndati dula, ndisanasinthe maganizo."

"Ubwere nayo mawa m'mawa. Uvale zakale, kuno kuthetheka moto."

*

Mzime anali atamuonapo Girizi akusintha oyilo, akumanga mabuleki, akuseka ndi makasitomala. Koma Girizi wa tsiku limenelo anali wina. Sanayatse wailesi, ndipo nthabwala zonse anazisiya kunyumba.

Anakweza galimoto ndi jeki, n'kuikhazika pa zitsulo zochirikiza, n'kuchotsa matayala onse. Asanamasule sipuling'i iliyonse ankayamba waipana ndi zopanira.

"Ima uko," anamuuza Mzime. "Imeneyi yanyamula galimoto zaka zonsezi, ili ndi mkwiyo. Ikapulumuka imachotsa mano onse m'kamwa."

Anaandanda masipuling'i anayiwo patebulo, n'kuwalemba choko mofanana, atatsinzina diso limodzi ngati telala. Anamufotokozera kuti ena amangowawotcha ndi moto wa gasi galimoto ili chiimire, chitsulo chifewe, galimoto izitsika yokha. "Zaulesi zimenezo," anatero. "Chitsulo chowotcha chimafa, tsiku lina chimathyokera pamsewu. Bambo ako sindingawakweze pa chitsulo chakufa."

Kenaka anayatsa galayinda, makina odulira zitsulo aja.

Mayo ine, moto wake! Unathetheka n'kuuluka mpaka kudenga, n'kumagwa ngati mvula yofiira, kuwala kwake kukuvina pankhope ya Girizi. Mzime anatseka makutu koma maso anakana kutseka. Munthuyo ankadula pang'ono, n'kuleka, n'kuviika chitsulo m'madzi kuti chisatenthe, chili tsiii, n'kuyambanso. Timoto tinkamugwera pamikono, iye osaphethira n'komwe. Kachidutswa koyamba katagwa pansi, ngwee, Mzime anamva ngati chagwa ndi china chake m'chifuwa mwake.

Atadula onse, anawabwezera m'malo, n'kumanga matayala, n'kutsitsa galimoto. Anaikankha pansi kangapo kuti ikhazikike, n'kuimika kandodo kaja. Panatsala zala ziwiri.

"Timasulenso," anatero.

"Zonsezi? Bwanji sunangodula kamodzi n'kamodzi?"

"Ndikaperewera ndingathe kudulanso. Ndikapitirira ndiwabwezera chiyani bambo ako?"

Anamasuladi zonse, n'kuyambira poyamba, thukuta lili kamukamu. Atamaliza anasalaza modula monse, n'kupakamo penti kuti dzimbiri lisalowe, n'kuikhazika sipuling'i iliyonse bwinobwino pamalo pake. Dzuwa linali litapendeka pamene anagwiranso jeki.

"Bwera utsitse ndiwe," anatero.

Mzime anapotokola chogwirira monga anamuuzira. Jeki inapuma, fuuu, ndipo galimoto inayamba kutsika. Inatsika, inatsikabe, kupitirira pomwe maso ake anazolowera kuiona chiyambire ali mwana. Galimoto yodzikuza ija, yomwe inkayang'ana anthu onse chapansi, inaoneka ngati yapinda maondo n'kugwada. Girizi anaimika kandodo, ndipo mpando unagwirizana ndendende ndi mzere wapansi.

Mzime anamva tsitsi likumunyerenyesa. Anayang'ana manja a Girizi, odzaza timabala ta moto, ndipo anachita nawo mantha, mantha aja munthu amachita akaona chinthu chachikulu kumuposa.

"Izimveka youma pang'ono m'mabampu," anatero Girizi ndi mawu otopa. "Ndipo mimba yayandikira pansi. Pa zitunda za mumsewu uzidutsa chopingasa, pang'onopang'ono. Tiye, lero ndiyendetsa ndine."

*

Bambo anali pakhonde. Dalaivala wakale sumunamiza, anazindikira galimoto isanazime n'komwe.

"Wayidula miyendo ndani galimoto yanga?"

Azakhali anatuluka m'khichini ndi mpeni m'manja. "Ndinanena ine! Si ndinanena? Taonani mmene waipundulira! Achimwene, muitanitseni apolisi ameneyu!"

"Ndine, bambo," anatero Girizi, atagwira chipewa pachifuwa.

"Unandipempha?"

"Ayi, bambo. Mukanakana."

"Ndikanakanadi." Bambowo anadzuka pampando, n'kutsika pakhonde ndi ndodo yawo, nkhope ili gwa. "Wawotcha kapena wadula?"

"Ndadula, bambo. Mofanana mbali zonse, madzi ali pambali."

"Mashoko?"

"Akadali ndi mpata."

Anaizungulira galimoto pang'onopang'ono. Anaikankha pansi chakutsogolo, n'kutchera khutu. Anasuzumira pa tayala. Mzime sanadikire kuti alankhulenso. Anapita kukatsegula chitseko chakutsogolo, n'kuima pambali.

Bambo anayang'ana mpando, anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ananso mpando, ndipo Mzime anaona nkhope yawo ikusintha. Anayandikira. Anatembenuka n'kuupatsa mpandowo msana, monga ankachitira ndi wa pakhonde uja. Anapinda maondo.

Anakhala.

Basi, anangokhala, ngati munthu wina aliyense! Analowetsa mwendo wolemera uja pounyamula ndi manja awo, winawo n'kutsatira wokha, ndipo anakoka chitseko okha, khuu. Mpeni unawagwa azakhali. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo, yemwe ankasuzumira pampanda, anangogwira pakamwa.

Bambo anasisita kutsogolo kwa galimotoyo ndi chikhatho. "Amake ana," anatero motsitsa, ngati malemu ali pompo, "ndakwera."

Mzime anali asanaonepo misozi ya bambo ake, ngakhale pamaliro a mayi. Tsiku limenelo anaiona, ndipo sanaibise n'komwe.

"Mwaimiranji?" anakuwa bambowo akupukuta m'maso. "Liza injini, mnyamata iwe! Ndikufuna ndikaone ngati msika udakalipo!"

Anazungulira tauni yonse, Girizi pa chiwongolero, Mzime kumbuyo. Bambo anatsitsa galasi, n'kumapereka moni kwa odziwika ndi osadziwika omwe. Anadabwa ndi nyumba zatsopano, anakalipira oyendetsa njinga, anamuuza Girizi kuti giya akusintha mochedwa. Pa chitunda chilichonse Girizi ankapingasa galimoto mofatsa, ndipo bambo ankagwedeza mutu movomereza. Mzime kumbuyoko mtima unali m'mwamba. Ankati m'mtima mwake, munthu amene waona zimenezi angamukanenso bwanji Girizi?

*

Atabwerera, bambo anatsika okha. Anamuitana Girizi, n'kumugwira dzanja, n'kulitembenuza kuti aone timabala ta moto tija.

"Mwana wanga," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula choncho, "wandibwezera miyendo. Mulungu yekha ndiye angakulipire."

Mzime anatchera khutu.

"Tsono poti ndayamba kuyenda, Loweruka ndili ndi ulendo. Ndinalonjeza mnzanga kuti ndidzapita ndekha kukapereka mawu a mwana wangayu, ndipo ine sindibweza mawu." Anatenga makiyi n'kuwaika m'dzanja la Girizi, n'kulifumbatitsa. "Galimotoyi yasintha mayendedwe, Mzime sanaizolowere. Amene akuidziwa ndiwe. Uyendetsa ndiwe."

Azakhali anaomba m'manja, mkwiyo wonse utathera pomwepo. Mzime anamuyang'ana Girizi, maso ake akukuwa kuti kana, kana, nena kuti watanganidwa! Girizi anayang'ana makiyi ali m'dzanja lake.

"Ndikufikitsani, bambo," anatero.

*

Mzime anakumbukira m'mawa mwake akutsuka makapu a alendo aja. Kapu inatsala pang'ono kumupulumuka. Chitunda! Chitunda cha pageti la kwa Tayi! Anasiya madzi akutayika pampopi n'kuthamangira kugalaja.

"Girizi! Siingalowe!" anatero asanapume n'komwe. "Kwa Tayi amanga chitunda pageti, ngakhale yake imakhula mimba. Yathuyi mmene yatsikiramu ikakamira pomwepo. Adadi sangakwere chitunda chimenecho ndi ndodo, pafunika kuwanyamula, ndipo iwe ukuwadziwa. Akangomva zonyamulidwa pamaso pa anthu aja anena kuti tibwerere, ndipo sadzapondakonso. Palibe bodza lomwe unene, wamva? Ungoyendetsa, n'kukhala chete basi!"

Girizi sanasangalale naye. Apa m'pamene Mzime anaona chinthu chachilendo: pa ovolosi ya makaniko panali utuchi, ndipo m'manja mwake munali sowo.

Mzime anamukankhira pambali n'kulowa. Patebulo lija anadulirapo masipuling'i panali matabwa awiri aatali, ochindikala. Limodzi linali litasongoledwa kale kunsonga kuti tayala likwere bwino. Linalo linali theka.

"Ndi a chiyani amenewa?" anafunsa, ngakhale ankadziwa.

"Ekizozi ya galimoto ya Tayi ndinawotcherera ndine itang'ambika pa chitunda chimenecho. Ndimachidziwa." Girizi anayang'ana pansi. "Tikayala awa, ya bambo ilowa mpaka pakhomo."

"Girizi, ukanyamula matabwa amenewa, wandipereka ndiwe. Osati adadi, osati azakhali. Iweyo!"

"Ndikudziwa."

"Ndiye asiye!"

Girizi anadzutsa mutu. Maso ake anali ofiira, ndipo sikuti unali utuchi wokha.

"Dzulo unawaona atakhala pampando paja," anatero. "Tsono Loweruka, galimoto itakakamira, anthu atatuluka m'nyumba, wina n'kunena kuti tiyeni tiwanyamule, iwe udzayang'ana kuti?"

Mzime anayang'ana matabwa aja. Anali asanamukondepo munthu ameneyu ngati mmene ankamukondera nthawi imeneyo, ndipo anali asanafunepo kumumenya ngati nthawi imeneyo.

Girizi anabwezera sowo pa thabwa n'kuyamba kucheka. Thabwalo linali lalitali, linkagwedera uku ndi uku, sowo n'kumaphonya mzere. Anayesa kulipondereza ndi bondo, koma linagwederabe.

Mzime anapukuta misozi ndi mkono, n'kupita kumapeto kwa tebulo. Analigwira thabwalo ndi manja awiri kuti lisagwedere.